Modemu yakunja, yam'kati kapena ya USB: ndi iti imene imamvana ndi Linux?

Munthu ukaika Linux pa kompyuta imene inali ndi Windows, n'kupeza kuti modemu ya dial-up, yolumikizira intaneti poimba pa waya wa foni, yasiya kuimba, umafulumira kuloza chala Linux. Inenso ndinatero. Dzulo lake modemu yomweyo inali ikulira bwinobwino, lero ili zii, kompyuta sikuionanso n'komwe. Patapita nthawi ndinazindikira kuti vuto linali mu modemu momwemo. Zinthu zimene timazitchula ndi dzina limodzi lakuti modemu n'zosiyana kwambiri m'kati mwake: zina zimaganiza zokha, zina zimadikira kuti kompyuta iziganizire.

Modemu yathunthu imagwira ntchito ziwiri. Ina ndi yosandutsa data kukhala phokoso loti liyende pa waya wa foni, n'kusandutsanso phokoso lobwera kukhala data, ndipo imeneyi imagwiridwa ndi chip yotchedwa DSP. Inayo ndi ya controller, imene imamva malamulo a AT (mawu afupiafupi amene kompyuta imalamulira nawo modemu), kukonza zolakwika pa laini ndi kupanikiza data. Malamulo a AT amenewa anayamba ndi Smartmodem ya kampani ya Hayes mu 1981, ndipo mpaka lero pafupifupi modemu iliyonse imawamva. Opanga ataona kuti mapurosesa a makompyuta akhala amphamvu, anayamba kuchotsa controller, ena anachotsa ndi DSP yomwe, kuti katundu atsike mtengo. Ntchito yotsalayo anaipereka kwa driver, pulogalamu yoyendetsa chipangizo, yolembedwera Windows. Apa ndi pamene panabadwira winmodem, imene ena amaitcha softmodem. Mukaichotsera driver yakeyo, chimene mwatsala nacho m'manja ndi kakhadi kolumikiza waya wa foni basi.

Ndiyambe ndi modemu yakunja, kabokosi kokhala pambali pa kompyuta, kolumikizidwa ndi chingwe cha serial. Imeneyi ndimaikonda, ndipo sindibisa. Pa chingwe cha serial palibe njira yoti kompyuta iganizire modemu, motero modemu yotere imayenera kukhala yathunthu. Sifuna driver yapadera. Linux imangoiona ngati port ya serial: imene Windows imaitcha COM1 kuno ndi /dev/ttyS0, COM2 ndi /dev/ttyS1. Mumalumikiza chingwe, kuyatsa modemu, kutsegula minicom (pulogalamu yolankhulira ndi port ya serial), kusankha port ndi liwiro la 115200, n'kulemba AT. Pansi pake pamatuluka OK. Zilembo ziwiri zimenezo zikaoneka, mtima umakhala pansi, chifukwa zikutanthauza kuti kompyuta ndi modemu akumvana, ndipo chilichonse chimene chingavute kutsogoloku n'chapadera.

Chinanso chimene anthu sachilabadira ndi timagetsi takutsogolo kwa kabokosiko. Pa mamodemu ambiri TR imayaka kompyuta ikatsegula port, OH imayaka modemu ikanyamula laini, CD imayaka ikagwirizana ndi modemu ya mbali inayo, ndipo SD ndi RD zimaphethira data ikamapita ndi kubwera. Tsamba likakana kutseguka, mumangoponya diso. SD ikuphethira koma RD ili duu? Mukutumiza koma palibe akuyankha. CD yazima? Laini yaduka. Modemu ikasokonezeka mumaizimitsa yokha n'kuiyatsanso, kompyuta osaikhudza. Mphenzi ikadzera pa waya wa foni, kabokosi kakunja ndi kamene kamayamba kukumana nayo, osati khadi yomatirira pa motherboard, ngakhale kuti chitetezo chenicheni ndi kuzula wayayo mvula ya mabingu ikayamba.

Zovuta zake zilipo. Imafuna adaputa yakeyake ya magetsi, imadya malo, ndipo makompyuta ambiri amasiku ano, makamaka malaputopu, alibenso port ya serial. Chingwe chosandutsa USB kukhala serial chimathetsa vuto lomalizali. Zokhala ndi chip ya FTDI kapena Prolific PL2303 zili kale ndi driver mu kernel, mtima wa Linux, ndipo modemu imaoneka pa /dev/ttyUSB0.

Tsopano khadi yam'kati, ya PCI, imene anthu ambiri anali nayo chifukwa inkabwera ndi kompyuta. Makhadi ambiri oterewa ndi ma winmodem. Dzina lolembedwa pa katoni silithandiza kwenikweni, pakuti makampani osiyanasiyana ankagula chip imodzimodzi n'kumatapo dzina lawo. Chofunika ndi chip. Lembani lamulo la lspci pa terminal muone zimene ikunena, kapena gwiritsani ntchito scanModem, kapulogalamu kamene anthu odzipereka a gulu la linmodems anakonza kuti kazifufuza chip ndi kukulozerani driver yoyenera. Mayina amene mungakumane nawo ndi Conexant, Lucent imene mbali yake yopanga ma chip inadzakhala Agere, Smart Link, PCTel, Motorola SM56, komanso Intel 536EP ndi 537EP.

Mwayi wanu umadalira dzina limene latulukalo. Ma chip a Lucent ndi Agere okhala ndi DSP yawoyawo ankayenda ndi ltmodem, ndipo kenako kunabwera driver ina yotchedwa martian. Popeza ntchito yolemera imachitikira pa khadi pomwepo, purosesa sivutika kwambiri. Pa Smart Link pali slmodemd, imene imapanga /dev/ttySL0. Ubwino wake ndi wakuti pa malaputopu ambiri akale, pamene modemu inkakhala mbali ya chip ya mawu, slmodemd imatha kudzera mu ALSA, gawo la Linux loyendetsa mawu, popanda kumanga module yatsopano ya kernel. Koma m'kati mwake muli chigawo chotsekedwa cholembedwera 32-bit, chimene chimasautsa pa Linux ya 64-bit. Pa Conexant, ma driver a HSF ndi HCF ankachokera ku kampani ya Linuxant. Yaulere inkangofika 14.4 kbps, ndipo kuti mufike pa 56k munkafunika kugula laisensi.

Khadi yanga inandidyera madzulo atatu. Driver inkafuna gcc, pulogalamu yomangira mapulogalamu, ndi ma header a kernel kuti imangidwe, ndipo zimenezo zinali pa intaneti, intaneti yomwe ndinkaifunira modemu. Ndinakazitenga pa kompyuta ina, n'kubwera nazo pa fulashi, n'kupeza kuti paketi imodzi ikufuna inzake imene sindinatenge. Ndinabwereranso. Usiku wachitatu modemu inaimba, ndinamva kulira kuja kokhala ngati mluzu wosakanikirana ndi mkokomo, kenako CONNECT. Ndinasangalala zedi. Patatha milungu yochepa ndinalola kompyuta kuika kernel yatsopano, ndipo nditaiyatsanso, port ya modemu inali itasowa. Module ija inamangidwira kernel yakale, ndipo pa yatsopanoyo inakana kumangika.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni. Driver ya serial ili m'kati mwa kernel, ndipo amene amasintha kernel amaisamala limodzi ndi zina zonse. Driver ya winmodem imakhala kunja, mbali yake ina ndi yotsekedwa moti palibe angaikonze kupatula mwini wake, ndipo eni ake ambiri anasiya kalekale kuisamala. Kernel ikamapita patsogolo, iyo imatsalira. Pa Linux yakale winmodem ikhoza kukutumikirani bwino ndithu, ndipo sindinganyoze munthu amene waikonza n'kumaigwiritsa ntchito. Pa Linux yatsopano, sindingalimbikitse mnzanga kutayirapo nthawi.

Si khadi yam'kati iliyonse imene ili winmodem. US Robotics 5610 ndi ya PCI koma ili ndi controller yake, ndipo imaoneka ngati port wamba ya serial, kungoti nambala yake imatha kukhala yapamwamba, monga ttyS4. Makhadi akale a ISA okhala ndi ma jumper osankhira COM ndi IRQ nawonso ambiri anali athunthu.

Modemu ya USB ili pakatikati, ndipo ndi imene imanyenga anthu. Poiona, ili kunja kwa kompyuta ngati ya serial ija, ndiye munthu amaganiza kuti ndi yathunthu. Zina n'zathunthudi, zina ndi winmodem yovala kabokosi. Yabwino ndi imene imatsata muyezo wa CDC ACM, umene driver yake, cdc_acm, ili kale mu kernel. Kuyesa kwake n'kwachidule: ilumikizeni, lembani dmesg, yang'anani mizere yomalizira. Mukaona ttyACM0 ndi mawu akuti USB ACM device, mwapeza yabwino. Mukangoona kuti chipangizo chatsopano chalowa koma palibe tty iliyonse, mwina mwagwira softmodem. US Robotics 5637 ndi imodzi mwa zimene zimatsata muyezowu. Kwa munthu wa laputopu, yotereyi imaposa ya serial: ndi yaing'ono, imatenga magetsi ku USB komweko, palibe chingwe chowonjezera. Chimene mumataya ndi timagetsi tambiri tija ndi batani lozimitsira.

Za liwiro musavutike nazo posankha. Mu 1997 kunali mpikisano pakati pa x2 ya US Robotics ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent, zimene sizinkamvana, mpaka ITU inakhazikitsa V.90 mu 1998. V.92 inabwera mu 2000 n'kukweza liwiro lotumizira kuchoka pa 33.6 kufika pa 48 kbps. Mitundu itatu yonse ya modemu, yakunja, yam'kati ndi ya USB, imapezeka ndi miyezo imeneyi, ndipo chimene chimalamula kwambiri ndi ukhondo wa laini. Mukaona CONNECT 115200 musadabwe, limenelo ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu, osati la pa waya wa foni.

Modemu ikayankha OK, patsala kusankha pulogalamu yoimbira. Zonse zimathera kwa pppd, pulogalamu imene imakulumikizani ku intaneti kudzera mu njira ya PPP, zimangosiyana m'mene zimafikirako. Ine ndimayamba ndi wvdial. Mukalemba wvdialconf /etc/wvdial.conf, imayendera ma port, kupeza modemu, n'kulemba yokha fayilo. Inu mumangowonjezera nambala ya foni, dzina ndi pasiwedi. Poimba imaonetsa zonse poyera: ATZ, OK, ATDT ndi nambala, kenako yankho la modemu. Ngati yagwirizana koma ikungodikira mawu opempha dzina amene sakubwera, ikani Stupid Mode = 1 kuti iyambitse pppd nthawi yomweyo. Pa slmodemd pamafunikanso Carrier Check = no.

Njira ya Debian, pppconfig pamodzi ndi pon, poff ndi plog, imafunsa mafunso ambiri poyamba ndipo siyesayesa yokha monga wvdial. Ikangokhazikika ndi yodekha, yoyenera kompyuta imene iziimba yokha popanda munthu pafupi. KPPP ndi GNOME PPP, mapulogalamu akale a zenera, n'zokoma kwa amene amakonda kudina, ndipo GNOME PPP ndi nkhope chabe ya wvdial. Koma zinthu zikavuta, zenera lokongola limabisa uthenga umene mukuufuna, ndiye ndi bwino kuzitsegula pamene zonse zayamba kale kuyenda.

Mavuto otsala amafanana pa modemu iliyonse. Kompyuta ikakana kukutsegulirani port, onani ngati akaunti yanu ili m'gulu la dialout, ndipo pa Debian onaninso la dip. NO DIALTONE pa laini imene foni ikugwira bwino nthawi zina imatha ndi ATX3, imene imauza modemu kuimba osadikira kulira kwa laini. pppd ikafa imasiya nambala: 8 ndi kulephera kwa script yoimbira, 10 ndi kusagwirizana pa PPP, 16 ndiye kuti modemu yadula, 19 ndiye kuti dzina kapena pasiwedi zakanidwa, ndipo pamenepo pitani mukaone pap-secrets ndi chap-secrets mu /etc/ppp.

Pali vuto limodzi limene limachititsa anthu kuimba mlandu modemu yosalakwa. Mwalumikizidwa, ppp0 (dzina la kulumikizanako mu Linux) ilipo, adiresi ya IP mwalandira, koma masamba sakutseguka. Yesani ping pa adiresi ya manambala. Ikayankha, vuto ndi DNS, yosandutsa mayina a masamba kukhala manambala: ikani usepeerdns, ndipo onani ngati /etc/resolv.conf yalandira ma seva. Ikapanda kuyankha, lembani ip route. Kawirikawiri mudzapeza kuti khadi ya Ethernet inagwira kale default route, njira yaikulu imene data imatulukira, ndipo pppd sichotsa njira imene yaipeza. Tsitsani Ethernet musanaimbe, kapena pa Debian onjezani replacedefaultroute pambali pa defaultroute, kenako imbaninso.