Ndemanga: tisheti ya timu ya Lithuania ya 1992, nsalu ndi yabwino koma mbiri aidula miyendo

Nyenyezi 4 mwa 5. Tisheti iyi ndi ya tie and dye, ya mitundu itatu ya mbendera ya Lithuania: chikasu, chobiriwira ndi chofiira. Pachifuwa pali munthu wa mafupa okhaokha atalumpha, akuponya mpira mu ring'i ndi dzanja. Aipanga potengera matisheti amene timu ya basketball ya amuna ya dzikolo inavala polandira mamendulo a bulonzi ku Olimpiki ya ku Barcelona mu 1992. Nyenyezi imodziyo yagwa chifukwa cha kapepala ka mbiri kamene wogulitsa amaika m'paketi, osati chifukwa cha chovalacho.

Nsalu yake ndi thonje lokhalokha, lolemererako, losaonekera mkati ukaliyang'anitsa kudzuwa. Utoto ndi wonyika weniweni. Njira yotsimikizira n'njosavuta: tembenuzani tisheti muone mkati. Yonyika imakhala ndi mitundu mbali zonse ziwiri chifukwa utoto umalowerera mu ulusi, ndipo matisheti awiri safanana mizere ndendende. Zotchipa zambiri za pa intaneti ndi za polyester zongodinda pamwamba, mkati zili mbee, ndipo zimatentha thupi. Iyi yadutsa mayeso amenewo. Msoko wa m'mapewa auphimba ndi katepi kuti usatamuke, kolala ndi mpendero azisoka mizere iwiri.

Pa saizi samalani. L isanachapidwe inali masentimita 56 kuchoka kukhwapa kufika kukhwapa lina, ndi 74 m'litali. Itachapidwa inafupika ndi masentimita pafupifupi 2, koma m'lifupi sinasinthe kwenikweni. Thonje limatero, limabwerera m'litali kuposa m'mbali. Yalani tisheti yanu yokukwanani patebulo, muiyeze, muyerekeze ndi manambala a wogulitsa. Ngati ndinu wamtali, monga ambiri okonda masewerawa, tengani saizi yotsatira.

Pamene anthu amaonongera chovala chotere ndi pochapa koyamba. Madzi amatuluka akuda bii ndipo munthu amaganiza kuti wagula chinthu chabodza. Ayi, umenewo ndi utoto wotsalira umene sunagwire ulusi, uyenera kuchoka ndithu. Vuto limabwera mukainyika n'kuisiya m'beseni, kapena mukaiunjika yonyowa: chofiira chimasamukira m'chikasu, malo owala aja n'kusanduka ngati dothi la katondo, ndipo sizibwereranso. Choncho itembenuzeni, ichapeni payokha m'madzi ozizira osapitirira madigiri 30, sopo wa ufa supuni imodzi mutamusungunula kaye, mphindi zisanu zakwana. Tsukuluzani mpaka madzi ayere, finyani osapotokola, yanikani nthawi yomweyo pamthunzi. Muchite choncho maulendo awiri kapena atatu oyamba, kenako mutha kuiphatikiza ndi zovala zakuda. Zija amanena zoti muthire mchere kapena viniga kuti utoto ugwire sizithandiza apa. Viniga amagwira ntchito pa utoto wa ubweya ndi silika, osati wa thonje umene unagwira kale kufakitale. Mankhwala oyeretsera zovala asayandikire n'komwe.

Chithunzi cha pachifuwa ndi inki yokhuthala yokhala pamwamba pa nsalu. Simbi ikaikhudza, inkiyo imasungunuka n'kumata, makamaka simbi ya makala imene simungaichepetse moto. Sitani chotembenuza, ndipo musakhuze chithunzicho pamwala kapena ndi bulashi chifukwa chimang'aluka m'mizere ya nthiti. Chilema chimodzi chooneka: pamene inki yoyera yadutsa pa chofiira, mafupa ena ayamba kuoneka ofiirira pang'ono. Komanso pachifuwapo sipadutsa mpweya, thukuta limaima. Ndi yovala poonera masewero, osati posewera.

Tsopano kapepala kaja. Kakuti timuyi inkasewera itavala matisheti amenewa, pomwe m'bwalo inkavala yunifolomu wamba. Matishetiwa anatchuka pa nsanja ya mamendulo. Kakutinso chithunzicho anajambula ndi a gulu loimba la Grateful Dead. Gululo linathandizadi timuyi ndi ndalama, wosewera wake Šarūnas Marčiulionis atayamba kupemphetsa thandizo ku California komwe ankasewerera Golden State Warriors, mothandizana ndi Donnie Nelson, mmodzi mwa aphunzitsi a kalabuyo. Koma wojambula munthu wa mafupayo ndi Greg Speirs wa ku New York, ndipo dzina lake silikupezeka paliponse pa kapepalako. Zimenezi n'zokhumudwitsa kwa wogulitsa amene akudyera luso la munthuyo.

Cholakwika chachikulu ndi chiganizo choti timu ya Lithuania "inabadwa" mu 1992. Amene angakhulupirire zimenezo sangamvetse chifukwa chake amuna akuluakulu aja analira ndi chimwemwe chifukwa cha mendulo yachitatu chabe. Lithuania inali kale katswiri wa ku Ulaya kawiri nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Mu 1937 ku Riga inagonjetsa Italy 24-23 mu fainolo. Mu 1939 mpikisano unachitikira kwawo ku Kaunas, m'holo imene anamangira mpikisano womwewo, ndipo anateteza chikho atapambana Latvia 37-36. Mtsogoleri wawo m'bwalo anali Pranas Lubinas, yemwe ku America ankadziwika kuti Frank Lubin ndipo anali atapata golide ndi timu ya United States ku Berlin mu 1936. Ana a anthu a ku Lithuania obadwira ku America ndiwo anabweretsa ukadaulo wa masewerawa kumudzi kwa makolo awo.

Mu 1940 Soviet Union inalanda Lithuania, ndipo timuyo inazimirira kwa zaka 50. Osewera sanathe ayi, ankangovala malaya a eni. Modestas Paulauskas anali kaputeni wa timu ya Soviet imene inagonjetsa United States 51-50 ku Munich mu 1972. Kalabu ya Žalgiris ya ku Kaunas inalanda ukatswiri wa ligi ya Soviet kwa CSKA Moscow, timu ya asilikali, zaka zitatu zotsatizana, 1985, 1986 ndi 1987, ndipo kwa anthu a ku Lithuania masewero amenewo sanali a mpira wokha. Ku Seoul mu 1988 Soviet Union inatenga golide itachotsa United States 82-76 mu semifainolo, msana wa timuyo uli anyamata anayi a ku Lithuania: Arvydas Sabonis, Marčiulionis, Rimas Kurtinaitis ndi Valdemaras Chomičius. Mendulo anavala, koma nyimbo ya fuko imene inaimbidwa sinali yawo.

Lithuania inalengeza ufulu wake pa 11 Marichi 1990, ndipo pofika 1992 boma linalibe ndalama zotumizira timu ku Olimpiki, n'chifukwa chake kupemphetsa kuja. Ku Barcelona, pansi pa mphunzitsi Vladas Garastas, anayi omwe aja anafika mu semifainolo n'kukumana ndi Dream Team, timu ya United States ya Michael Jordan ndi Magic Johnson, yomwe inawakwapula 127-76. Zimenezo sizinawawe kwambiri, aliyense ankakwapulidwa chaka chimenecho. Masewero enieni anali olimbirana bulonzi, chifukwa adani anali Unified Team, yotsalira ya Soviet Union, momwe munali anzawo amene anapata nawo golide zaka zinayi m'mbuyomo. Lithuania inapambana 82-78. Tisheti iyi ndi ya tsiku limenelo, ndipo kapepalako sikatchula n'komwe kuti anagonjetsa ndani.

Za pambuyo pake kapepalako kali chete, ngati kuti 1992 unali mwayi wa tsiku limodzi. Dziko limene lero lili ndi anthu osakwana 3 miliyoni linatenganso bulonzi ku Atlanta mu 1996 ndi ku Sydney mu 2000, komwe linagonja kwa United States ndi mapointi awiri okha, 85-83, mu semifainolo. Mu 2003 ku Sweden linatenga chikho cha ku Ulaya kachitatu litagonjetsa Spain 93-84, Šarūnas Jasikevičius n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Ku Athens mu 2004 linagonjetsa United States 94-90, linapata bulonzi pa mpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2010, ndipo ku Manila mu 2023 linagonjetsanso United States 110-104. Zonsezi zikanakwana kuseri kwa kapepalako, komwe kuli kopanda kanthu.

Tisheti yokhayo ndikuivomereza kwa aliyense wokonda basketball amene angapirire kuichapa payokha masiku oyamba. Musanalipire, pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha mkati mwa tisheti ndi miyezo ya saizi m'masentimita, ndipo mufunse ngati ali ndi chilolezo cha mwini chithunzicho, popeza zokopera mwachinyengo zilipo zambiri. Ngati mukugulira mwana wosewera ngati mphatso, kapepalako kachotseni, mbiriyo mumufotokozere nokha kuyambira ku Riga.