Thewera lakale, la mabatani kapena pampasi: choyenera nyengo ya Mzuzu ndi chiti?

Pampasi ndi wosavuta, izi palibe amene angatsutse. Vuto limayamba mukamuvula mwana. Kunja kwake ndi pulasitiki, m'kati muli timibulu tomwe timamwa mkodzo n'kufufuma, ndipo zonsezi siziwola msanga. Mukaponya m'chimbudzi chokumba, dzenje limadzaza nthawi isanakwane ndipo opopa amavutika. Kudzala agalu amafukula. Kuwotcha nakonso n'kovuta chifukwa ndi wonyowa, amangofuka utsi. Khanda limatha kusinthidwa ka 8 kapena ka 10 patsiku, ndiye taganizirani zimene mvula imakokololera m'ngalande za ku Chibavi ndi ku Chiputula.

Alipo ena olembedwa kuti amawola. Ndi odula, sapezeka wamba, komanso ambiri amakhalabe ndi timibulu tija ndi pulasitiki pang'ono. Ine sindiwawerengera.

Mpikisano weniweni uli pakati pa matewera awiri ochapa. La mabatani lija, lokhala ndi thumba lolowetsamo kansalu komwa mkodzo, limakhala bwino pathupi, silifuna phini, ndipo mabatani amasunthidwa mwana akamakula. Ngakhale bambo amene sanapindepo thewera savutika nalo. Koma kunja kwake kuli nsalu yosalowa madzi yomwe imawonongeka mukaiwiritsa kapena kuisita. Tinsalu take tam'kati n'tosokedwa mophatikiza, ndiye kuno kwathu, kumene mvula imatha kuwaza mpaka mwezi wa May, kenako n'kubwera chifunga ndi chisanu cha June ndi July, timatha kugona pachingwe tili tonyowabe pakati. Kansalu kachinyezi kamanunkha chuku ndipo kamasupula mwana m'mphechepeche.

Apa ndi pomwe thewera lakale la thaulo limapambana. Mukalitambasula ndi nsalu imodzi basi, mphepo imadutsa, limauma ngakhale pakhonde. Mutha kuliwiritsa. Mutha kulisita, zomwe zimathandiza kupha mazira a mphutsi pa zovala zoyanikidwa panja. Mwana akakula limadikira mng'ono wake, likatha ntchito limasanduka chokolopera. Kuipa kwake n'kwakuti limadontha msanga, limafuna kusintha pafupipafupi, ndipo kabudula wa pulasitiki wakale uja amatenthetsa khungu n'kung'ambika msanga.

Tisanamizanenso kuti kuchapa n'kwaulere. Sopo ndi ndalama, bilu ya madzi imakwera, ndipo kuwiritsa pambaula tsiku lililonse n'kumaliza mitengo. Kutaya chimbudzi cha mwana m'chimbudzi, kunyika thewera m'ndowa, kuchapa ndi kutsukuluza bwino n'kokwanira masiku ambiri.

Mukandifunsa, ndinganene kuti gulani matewera akale okwana 20 kapena 24, muwonjezere zovalira pamwamba za mabatani zinayi kapena zisanu m'malo mwa kabudula wa pulasitiki. Telala waluso atha kukusokerani mukapeza nsalu yake. Pampasi musunge wa paulendo wa basi wopita ku Karonga kapena ku Lilongwe, ndi tsiku limene mwana wagonekedwa m'chipatala.