Kuchezera, kudzukira 3 koloko kapena kuwerenga n'kugona: iti imasungadi zinthu m'mutu?

Mayeso akayandikira mkangano wake ndi womwewu, wina amati ine ndimachezera mpaka kuche, wina amati ayi bola kugona kaye n'kutchera alamu ya 3 koloko, ndiye pali wachitatu uja amangowerenga madzulo n'kukagona maola ake onse anzake n'kumamuona ngati waulesi. Zitatu zonsezi ndinaziyesapo ine, ndipo zimandiwawa kuona munthu wakhama akudzizunza usiku wonse kenako n'kuiwala theka la zomwe wawerenga.

Kuchezera ubwino wake ulipo, tisanamizane. Maola amachuluka, kunja kuli zii, ndipo ngati bukulo simunalitsegule chiyambire teremu ndiye kuti zomwe muone usiku umenewo n'zokhazo zomwe mulowe nazo m'mayeso. Koma ine sindiiwala usiku wina cha m'ma 2 koloko, chala chili pamzere, maso akuyenda, ndime imodzi ndaibwereza kanayi koma m'mutu simukukhala kanthu. Mmawa funso linachokera pa tsamba lomwelo, tsambalo ndimaliona bwinobwino m'maganizo mpaka kachithunzi kanali pakona, koma mawu ake osabwera olo limodzi.

Chimachitika n'chakuti zatsopano zikalowa zimayamba zafikira mu kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, ndipo pamenepo zimakhala zisanakhazikike. Munthu akagona tulo tofa nato, kachigawoka kamabwerezabwereza zomwe zalowa masana n'kumazipereka ku mbali ya kunja ya ubongo komwe zimakhalitsa. Mu 1994 asayansi Wilson ndi McNaughton anaziona zimenezi pa makoswe, maselo a mu hippocampus omwe amagwira ntchito limodzi khoswe akuyendayenda kufuna chakudya amayambiranso limodzi khosweyo atagona. Ndiye wochezera amaluza kawiri, za masana sizinakhazikike komanso za usiku zikulowa mu ubongo wotopa. Dawson ndi Reid a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maola 17 osagona amachedwa komanso kulakwitsa ngati yemwe ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, tangowerengani nokha, mwadzuka 6 koloko mmawa, ikamakwana 11 usiku mwafika kale pamenepo.

Ena amati ndidzabweza tulo pa wikendi. Thupi litha kupumadi koma phunziro lija silidikira, Stickgold ndi anzake ku yunivesite ya Harvard mu 2000 anaphunzitsa anthu kuzindikira timizere tina pa sikirini ya kompyuta, amene anawakaniza kugona usiku woyamba sanapite patsogolo ngakhale atagona bwino mausiku awiri otsatira. Za khofi nazo, iye sachotsa kutopa, amangotsekereza adenosine, kamankhwala kamene kamaunjikana mu ubongo n'kumakuuzani kuti kagoneni, ndipo pakatha maola asanu kapena kuposerapo theka la kafeini wa mu khofiyo limakhala likadali m'thupi, ndiye ngakhale mugone tulo take timakhala tapamwambamwamba.

Ya 3 koloko ija ndi yabwinoko ndithu ndipo ndimawamvetsa amene amaikonda, mwagonako, mutu wapepuka, ndipo tulo tofa nato tambiri timabwera chigawo choyamba cha usiku ndiye timeneto mwatipeza. Vuto ndi zomwe alamu imadula. Tulo timayenda mozungulira, ulendo umodzi pafupifupi mphindi 90, ndipo kukamayandikira kucha m'pamene tulo ta REM timachuluka, tija maso amayendayenda pansi pa zikope munthu akulota. Ngakhale luso la manja limadalira maola omalizawa, mu 2002 Walker ndi anzake anapeza kuti ophunzira kutayipa ndondomeko ya manambala liwiro lawo limakwera pafupifupi 20 peresenti akagona usiku, ndipo amene amapindula kwambiri anali omwe anagona bwino chakumapeto kwa usiku. Ndiye ngati mukuphunzira kiyibodi, gitala kaya kutayipa, alamu ya 3 koloko ikukuberani. Njirayi imayenda pokhapokha mutagona 7 kapena 8 koloko madzulo, koma ambiri timagona 11 n'kudzuka 3, maola anayi basi, kumeneko n'kuchezera komwe kungoti kwasintha nthawi.

Yachitatu ndiye ndimaiikira kumbuyo ndi mtima wonse, kuwerenga madzulo, kutseka buku, kugona maola okwana. Akuluakulu 7 kapena kuposa, achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amafunika 8 mpaka 10. Si nkhani yatsopano ayi, mu 1924 Jenkins ndi Dallenbach ku yunivesite ya Cornell anapatsa ophunzira awiri timawu topanda tanthauzo toti aloweze, akagona maola 8 amakumbukira toposa theka, akakhala maso maola omwewo pafupifupi tonse timathawa.

Koma chomwe chinandikoka kwambiri ndi cha ku Lübeck ku Germany mu 2004. Anthu anapatsidwa ntchito ya manambala yomwe inali ndi chidule chobisika osawauza, amene anakagona maola 8 n'kubwerera pafupifupi 6 mwa 10 anachitulukira okha, pamene amene anakhala maso sanakwane ngakhale m'modzi mwa anayi. Apa ndiye mukuona kuti tulo sitingosunga chabe, timasanjanso zinthu. Zinandichitikirapo ndi samu ina yomwe inandikanika madzulo onse, pepala lodzaza zofufutafufuta, ndinangoisiya patebulo n'kukagona, mmawa ndikutsuka mano njira yake inangoti tulukiru, ndinathamangira kukalemba burashi ikadali mkamwa.

Kuipa kwake njirayi imafuna muyambe msanga, siyopulumukira tsiku lomaliza. Mu kafukufuku wa ku yunivesite ya MIT yemwe anatuluka mu 2019 anaveka ophunzira pafupifupi 100 mawotchi a Fitbit oyeza tulo semesita yonse, zinapezeka kuti kugona bwino usiku umodzi wokha mawa lake kuli mayeso sikumasintha malikisi kwenikweni, chimathandiza ndi tulo ta sabata ndi mwezi wonse pamene zinthuzo zikuphunziridwa, komanso kugona nthawi yofanana tsiku lililonse. Ndiye amene amachezera masabata awiri n'kugona bwino usiku womaliza wokha asadzinamize kuti ali mu gulu lachitatuli.

Katulo ka masana ndimakatenga ngati kothandizira chabe pa njira iliyonse mwa zitatuzi. Mphindi 20 zimatsitsimula mutu, koma kuti zophunzira zipindule kwambiri pamafunika 60 mpaka 90, Sara Mednick anaonetsa zimenezi mu 2003. Kungoti kasafike chakumadzulo, apo ayi usiku mudzangoti tong'o kuyang'ana kudenga.

Nanga ngati mayeso ndi mawa ndipo simunawerenge? Apo ine ndinganene kuti musachezerebe, sankhani mitu itatu kapena inayi yomwe ikuoneka kuti ibwera, iwerengeni mpaka cha m'ma 10 kapena 11, tsekani buku n'kudzifunsa mafunso osaonera, mukatero kagoneni olo maola 6. Zomwe zakukanikani kuyankha zilembeni pa kapepala kamodzi mukaike pafupi ndi foni, mukadzuka muyambire pamenepo.