Sikelo yopachika ya dijito ndinagula ku Limbe ija, mmene ndaionera

Ndinagula sikeloyi chifukwa chotopa ndi mavenda a soya, basi. Ndi ija yokhala ndi mbedza pansi, imayendera mabatire awiri a AAA, pa bokosi analemba kuti imanyamula mpaka 150 kg.

Ndiyambe ndi mtengo poti ndi pomwe anandiseketsa. Mwezi wa Epulo ndinaifunsa mu shopu ina inali K20,000, nditabwerera mu Meyi ndapeza aikapo kapepala kofiira kuti yatsitsidwa ndi 20 peresenti, mtengo wakale alemba K25,000. Ndinatulutsa foni pompo. 20 peresenti ya 25,000 ndi 5,000, kuchotsera, tabwerera pa K20,000 yomwe ija! Anakweza ndi 25 peresenti nkutsitsa ndi 20, ndipo munthu ungamaganize kuti pali kusiyana koma ayi, pokweza umawerengera pa 20,000 potsitsa pa 25,000. Nditawafunsa mayi ogulitsawo anangoseka nkumati ndi dola bwana. Dola imeneyi yasanduka chonamizira chilichonse chiyambire Novembala 2023 pomwe inachoka pa K1,180 kufika K1,700, ija ankati 44 peresenti ija. Ndinagulabe.

Kunyumba sindinathamangire kuikhulupirira. Ndinamangirira chingwe pa mtengo wa mango nkupachika thumba la fetereza losatsegula la 50 kg, inalemba 49.6. Kusiyana kwake 0.4, kugawa ndi 50, kuchulukitsa ndi 100, kukupatsa 0.8 peresenti, apo ndiye palibe chodandaula, mwinanso thumbalo ndi lomwe linali lopelewera pang'ono. Koma paketi ya shuga ya 1 kg inalemba 0.95, mukuona ngati zochepa eti, magalamu 50 okha, komatu pa kilo imodzi imeneyo ndi 5 peresenti. Ndiye amene mukufuna yoyezera nyama kapena usipa wa hafu kilo iyi musagule, ndi ya matumba.

Pomwe inandibwezera ndalama yanga ndi tsiku logulitsa. Matumba 12 ndinayezeratu usiku lililonse 50 kg ndendende nditachotsa kulemera kwa thumba ndi batani la tare lija. M'mawa venda wabwera ndi sikelo yake ya wotchi yadzimbiri, wapachika loyamba, akuti 46. Lachiwiri 46 yomweyo. Ndinati achimwene dikirani kaye, ndatulutsa yanga, 50. Anayamba zoti soya wanu ndi wauwisi, ndikuti chinyezi chikugwirizana bwanji ndi sikelo? 4 kg pa 50 ndi 8 peresenti, ndipo apa samalani mumagawa ndi nambala yoona ija 50 osati 46 yakeyo. Pa matumba 12 ndi 48 kg, thumba lathunthu kungotsala makilo awiri, kumupatsa ulele munthu amene sanagwireko khasu. Ndinamufunsa ngati a MBS (Malawi Bureau of Standards, bungwe la boma loona za miyezo) anaiyendera sikelo yakeyo nkuikapo chizindikiro chawo, anangotsitsa chingwe chake nkukweza pa njinga. Madzulo kunabwera wina tinayeza pa masikelo onse awiri, kusiyana kunali hafu kilo, ndinagulitsa.

Zoipa zake nazi. Padzuwa manambala saoneka mpaka utchinge ndi chipewa, komanso imazima yokha msanga ukamachedwa kukweza thumba ndiye uyambirenso. Mabatire amene inabwera nawo anatha sabata yachiwiri, ndipo akamafooka imayamba kudumphadumpha, 49, 51, 48, ikatero sinthani mabatire musakangane ndi munthu muli olakwa ndinu. Mbedza yayamba kale kuwongoka pang'ono ngakhale sindinapyolepo 70 kg, za 150 zija ine sindingayese.

Pa 10 ndikuipatsa 7. Panopa ili kwa alamu anga ku Thondwe, anabwereka kuti ayezere nandolo ndipo mwezi watha sakuyankhanso za kubweza.