Palio della Balestra ku Gubbio, ndakhutira nawo

Anzanga, amene muli ku Italy kapena mukupitako mu Meyi, musaphonye mpikisano wa mauta wa ku Gubbio, umachitika Lamulungu lomaliza la mweziwo pa bwalo la Piazza Grande. Ine ndinapitako ndipo mpaka pano mtima sunabwerere ayi.

Mauta ake si ngati athu osakira nyama aja, awa ndi achitsulo, olemera, omangirira pa thabwa ngati mfuti, munthu amachita kukhala pa benchi nkumayang'anitsitsa chandamale chomwe chili pa mamita 36, anthu onse zii, kenako muvi phaa! Amapikisana ndi anzawo a ku Sansepolcro ndipo wopambana amalandira nsalu yojambulidwa bwino yotchedwa palio. Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi anyamata oponya mbendera m'mwamba nkuziwakhanso ng'oma zikulira, onse atavala zovala zamakedzana zamitundumitundu, mpaka tsitsi linandiimirira.

Vuto ndi limodzi basi, anthu amadzaza heve, ine ndinafika mochedwa nde ndinaima nthawi yaitali padzuwa miyendo kuwawa. Fikani msanga, tengani madzi ndi chipewa. Mukaphonya, ku Sansepolcro amachitanso mu Seputembala.