Usiku umene Philadelphia sinagone

Abale anga kumudziko, munaona chithunzi chija ndinatumiza pa WhatsApp nditavala jezi yobiriwira, ndipo alamu anafunsa ngati ndasiya Bullets. Ayi alamu, Bullets ili m'magazi. Koma ndiloleni ndifotokoze bwino zomwe zinachitika kuno ku Philadelphia, ku America, pa 9 February 2025, poti pa foni paja sitinamalize.

Ntchito yanga mukuidziwa, ndimasamalira agogo ena aamuna ku South Philadelphia. Ndiwo anandiphunzitsa mpira wa kuno, uja wooneka ngati dzira womwe amathamanga nawo m'manja. Nditangofika ndinkangoona zibambo zikugundana ngati nkhosa zamphongo. Tsiku lina agogowo anatenga pepala n'kundijambulira: timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa aipatsanso ina inayi, ndipo ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6. Timu yawo ndi Eagles, ya mumzinda uno, eni ake jezi yobiriwira ija. Amakonda kunena za December 1960, pamene bambo awo anawatengera ku Franklin Field ali kamnyamata kukaonera Eagles ikugonjetsa Green Bay Packers 17-13. Kuchokera apo anadikira zaka 57, mpaka 2018, kuti aonenso chikho chikubwera mumzinda uno.

Mu February 2023 ndinali nawo pabalaza pamene Kansas City Chiefs inatilanda Super Bowl, masewera omaliza olimbirana chikho, 38-35, kutatsala masekondi 8 okha. Agogo anazimitsa TV, chakudya osachikhudza. Usiku umenewo ndinazindikira kuti nanenso mtima wandipweteka.

Ndiye chaka cha 2025 tinakumananso ndi Chiefs yomweyo, ku New Orleans. Iwo ankafuna kutenga chikho kachitatu motsatizana, chinthu chomwe palibe timu inachitapo chiyambireni Super Bowl. Masewera ankayamba inu muli m'tulo, cha m'ma 1:30 usiku kwanuko. Nyumba inadzaza ana ndi zidzukulu, aliyense wabwera ndi kambale kake. Ine ndinakazinga mandasi, ndipo anatha masewera asanafike pakati.

Wosewera woopsa wa Chiefs ndi Patrick Mahomes, amene amaponya mpira, ndipo ife tonse tinkamuopa. Koma anyamata athu otchinga sanamupatse mpata wopuma. Anamugwetsa ka 6 mpira uli m'manja. Kenako kamnyamata kena, Cooper DeJean, chaka chake choyamba mu ligi, tsikulo n'kukhalanso lobadwa lake la zaka 22, kanalanda mpira womwe Mahomes anaponya n'kuthamanga nawo mpaka kukagoletsa. Nyumba inagwedezeka! Popita kokapuma zinali 24-0, kenako zinafika 34-0. Ana anali atayamba kale kuvina, koma agogo anali duu pampando wawo, manja atagwira bulangeti, akukana kuti wina aliyense anene kuti tapambana. Munthu amene anadikirapo zaka 57 sakhulupirira msanga. Nthawi itatha, 40-22, anandigwira dzanja mwamphamvu, misozi ili mbwembwembwe, osatulutsa mawu. Jalen Hurts, woponya mpira wathu amene anasewera bwino kwambiri mu 2023 koma n'kubwerera chimanjamanja, ndiye anasankhidwa wosewera wopambana onse.

Nditawagoneka, zidzukulu zinanditenga kupita ku Broad Street. Muyenera kudziwa kuti kuno munthu ukhoza kukwera basi imodzi ndi anthu omwewo chaka chonse popanda wokupatsa moni. Zimenezi zinkandiwawa kuposa chisanu. Koma usiku umenewo msewu wonse unali wobiriwira kukafika ku City Hall, malipenga a galimoto, makombola, anyamata akukwera mitengo ya magetsi. Mayi wina wachizungu, sindimudziwa, anandikumbatira akulira. Aliyense akakuona ndi jezi ankakuwa kuti "Go Birds", mawu ochemerera Eagles, iwe n'kuyankha chimodzimodzi. Ndinakumbukira chigoli cha Gabadinho Mhango kwa Morocco mu January 2022, mmene munkakuwira pa foni ine ndili ndekha m'chipinda. Ulendo uno ndinali pakati pa anthu, ndipo palibe anandifunsa kumene ndinachokera.

Lachisanu pa 14 February osewera anayenda ndi chikho m'mabasi otsegula pamwamba, kudzera mu Broad Street mpaka pa masitepe a Philadelphia Museum of Art. Masukulu aboma anatsekedwa. Agogo ndi njinga yawo ya olumala sakanatha kulowa m'chinamtindi chija, choncho mwana wawo wamkazi anatsala nawo, ine n'kulawira m'mamawa kukagwira malo. Kunkazizira moti zala zinachita dzanzi. Mabasi atayandikira ndinawaimbira pa vidiyo, ndipo ndinawamva akukuwa dzina langa kuti ndikweze foni m'mwamba. Ndinaimirira chonyang'ama, mkono uli m'mwamba, mpaka basi ya chikho inadutsa.