Seguro, chipatala cha boma kapena ku Dedza: zomwe ndinauza mlongo wanga

Mlongo wanga amalima mbatata ya kachewere ku Tsangano. Atagulitsa matumba ake chaka chino anandiimbira foni: "Achemwali, inu ndinu anamwino, tandiuzani. Ndilembetse seguro?" Wina anali atamuonetsa khadi ku Tete, khadi lomwe anzathu a ku Malawi amati inshulansi. Ndinamuuza kuti tiyambe tawerengera ndalama zomwe matenda amadya kwathu kuno ku Mozambique.

Pa mtengo wokha, chipatala cha boma sichipikisana ndi wina aliyense. Kuonana ndi namwino pa chipatala chaching'ono ndi metikali imodzi, mankhwala a pa receita ndi mametikali 5, kaya alembapo mitundu ingati. Kuchira kwa amayi, katemera wa ana, ma ARV ndi mankhwala a TB salipiritsa. Izi zinachokera pa 24 July 1975, pamene boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse kukhala zake, ndipo zipatala za anthu wamba zinaloledwanso mu 1991. Vuto lili pa shelefu. Mankhwala akatha, pepala lomwe lija la mametikali 5 umapita nalo ku farmácia ya munthu, ndipo kumeneko mtengo ndi wina. Ndiye pali ulendo. Matenda akakula timatumiza wodwala ku Ulónguè, akakanika kumeneko ndi ku Hospital Provincial de Tete, mtunda woposa makilomita 200. Wodikirira odwala ayenera kudya, ayenera kubwerera pa chapa. Mabanja omwe ndawaona akugulitsa mbuzi sanagulitsire metikali imodzi ija ayi.

Seguro ndi yabwino, sindikuinyoza. Kwa munthu wa pa ntchito mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, amene kampani imamulipirira gawo lalikulu, khadi limamuchotsa pa mzere wa m'bandakucha, amayezedwa magazi tsiku lomwelo, mankhwala n'kutengera pomwepo. Koma imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pamene mlimi wa fodya kapena kachewere amagwira ndalama kamodzi pa chaka. Imakhala ndi malire a ndalama zomwe ingakulipirire, miyezi yodikira usanayambe kuigwiritsa ntchito, ndipo matenda omwe unali nawo kale, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, nthawi zambiri amawaika pambali. Chachikulu n'chakuti khadi limagwira ntchito komwe kuli kiliniki yomwe inagwirizana ndi kampaniyo. Mwana akakomoka ndi malungo usiku ku Dómuè, udzathamangira kwa ife omwe, khadi lili m'thumba.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ambiri amasokoneza. INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni za anthu a pa ntchito, si seguro ya chipatala. Pa 7 peresenti ya malipiro yomwe imapita kumeneko, 3 ya wantchito ndi 4 ya bwana, umapeza penshoni, kangachepe ukadwala osagwira ntchito, ndi thandizo la maliro. Bilu ya kiliniki sailipira.

Nanga kuwoloka? A ku Calómuè amapita ku Dedza, a ku Zóbuè amapita ku Mwanza, ndipo sindiwadzudzula. N'pafupi, zipatala za boma kumeneko n'zaulere, za mishoni za CHAM ndiye zimalipiritsa. Koposa zonse, agogo amafotokoza okha pomwe pakuwawa, m'Chichewa, popanda mdzukulu womasulira Chipwitikizi. Komabe mankhwala amasowa kumenekonso, ndipo wa ma ARV kapena wa TB akayamba kulandira uku ndi uko, mabuku amakhala awiri, palibe akudziwa ngati wadumphitsa mwezi. Pa bala kapena malungo, wolokani. Pa matenda a mgonagona, sankhani mbali imodzi.

Nkhani yoti dziko lonse likhale ndi seguro imodzi, aliyense aziponya kangachepe, imamveka kawirikawiri. Rwanda ili nayo yake ya m'midzi, Ghana inakhazikitsa yake mu 2003. Ife anamwino sitikana. Koma taonani zomwe ogwira ntchito zaumoyo ankadandaula pa sitiraka ya bungwe lawo la APSUSM mu 2023: ndalama za maola owonjezera, kusokonekera kwa malipiro pa TSU (ndondomeko imodzi ya malipiro a ogwira ntchito m'boma), komanso kusowa kwa mankhwala ndi zipangizo. Ogwira ntchito m'boma amadulidwa kale 1.5 peresenti ya chithandizo cha chipatala, ndiye tikudziwa kuti kudula malipiro pakokha sikudzaza shelefu. Mukandifunsa ine, ndondomeko ikhale iyi: mankhwala ndi magolovesi afike kaye, ambulansi ikhale ndi mafuta, anamwino omwe anamaliza maphunziro ali pakhomo alembedwe ntchito kuti munthu mmodzi asamachiritse mayi uku akuona mzere wa ana panja. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife tili pansi pa chiwerengerochi. Thandizo la America litaimitsidwa mu January 2025, tinaona poyera kuti denga lathu likutsamira mzati wa eni. Ukatolera ndalama kwa mlimi zinthu zili chonchi, adzalipira kawiri, ku seguro ndi ku farmácia.

Chomwe chinathandizadi anthu a kumudzi chinabadwira konkuno. Mu 2008 a Médecins Sans Frontières anayambitsa ku Tete magulu a GAAC: anthu osaposa 6 omwa ma ARV, mmodzi n'kumapita kukatengera onse mosinthana. Sanatsitse mtengo wa mankhwala, poti anali aulere kale. Anadula ndalama ya ulendo, ndipo njirayo inafalikira dziko lonse.

Mlongo wanga ndinamuuza kuti khadi alisiye, pokhapokha atapeza ntchito ya pa kampani. Apatule ndalama ya matumba atatu, aiike pa M-Pesa ya alamu anga, osati yake, ikhale ya chapa ndi ya farmácia basi. Anaseka, n'kunena kuti aona kaye, poti feteleza nayenso wakwera.